Mlenje wa M'tepi ya Achimwene Anga

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano miyendo ikundiwawa ngati ndathamangadi. Khala pansi Filimoni, njingayo siithawa, okwera akudikira. Nanunso a Nagama chepetsani moto pachiwayapo, tchipisi chingapserere, chifukwa inu nomwe munalimo m'malotomo, ndipo zimene munandichita ndikanakhala wina sindikanakupatsani moni lero.

Alendo inu mwabwera ndi Filimoni simukundidziwa, ndiye ndiyambe ndi za dzulo kuti musasochere. Ine ndine Yotamu, ndipo kanyumba ka malata kali kumbuyo kwanuko ndi vidiyo sho yanga. Anaiyambitsa ndi malemu achimwene anga a Zakeyu, kale Bangwe yense asanadziwe foni. Iwo ankakhala pakhomo, ine ndinkagwira maiki n'kumamasulira mafilimu m'Chichewa, ntchito imene ndikuigwirabe. Chizungu changa ndi chapakatikati, koma palibe mzungu wa m'filimu amene anayamba wadandaulapo. Dzulo ndinapeza tepi yakale m'sutikesi ya malemuwo, imene ankaikonda kuposa zonse, ndiye ndinapukuta deki yakale yoonetsera matepi n'kuionetsa masana. Filimu yake ndi ya bwana wina wolemera amene anatopa ndi kusaka nyama, n'kuyamba kuitana alendo kunyumba kwake, kuwadyetsa bwino, kenako kuwauza kuti athawire m'nkhalango iye aziwasaka ndi mfuti. Ine ndinkayesa anthu anjenjemera. Anthu anaseka. Ena anatuluka filimu ili pakati kukaonera za m'mafoni awo, otsalawo anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Zinandipweteka. Ndinagona nditalumbira kuti kukacha tepiyo ndiiponya m'chimbudzi, shoyi nditseka, ndikagulitse makavala a foni ku Limbe monga akhala akunenera mayi a kunyumba.

Ndiye m'malotomo kunali masana, dzuwa likulowera m'mabowo a malata, ine ndili m'shomo ndi tepi ija m'manja. Anthu adzaza mpaka pakhomo, ena akhala pamiyendo pa anzawo. Ndikuti ndiilowetse, deki inatseka pakamwa.

"Mwasamba m'manja?" inandifunsa dekiyo.

Sindinadabwe, mukudziwa mmene maloto amakhalira. Ndinapukuta manja pamalaya n'kuyesanso. Apa tepiyo ndi imene inayankhula, mawu ake ngati a nkhalamba yodwala chifuwa.

"Pang'onopang'ono iwe, msana. Mkulu wako ankandinyamula ndi manja awiri. Iwe ndamva kuti ukufuna kukandiponya m'chimbudzi."

"Wakuuzani ndani?"

"Mtsamiro wako. Susunga chinsinsi umene uja."

Ndinachita manyazi, ndiye ndinainyamula ndi manja awiri, deki inayasamula, filimu inayamba. Isanapite patali mkangano wa dzulo uja unayambiranso, koma tsopano ndi mabenchi omwe anali ndi maganizo awo. Benchi lakutsogolo linati lanyamula anthu zaka zambiri, ndipo filimu yoopsa limaidziwa popanda kuiona, chifukwa munthu wamantha amapepuka, amakhalira thako limodzi. "Awa alemera onse," linatero, "palibe akuopa." Benchi lapakati linatsutsa, linati pamwamba pake pali mayi amene walikanda ndi zikhadabo mpaka lachita mabala.

Inu a Nagama munaimirira, sipuni yanu ya tchipisi ili m'manja. Munati, "Magaziwo ndi tomato, ndipo anamugula madzulo, wotsala pamsika."

A Kambalame, mdala uja anapuma ntchito ya ulonda, anagogoda pansi ndi ndodo yawo. "Ine ndalondera magolosale moyo wanga wonse," anatero, "mfuti ndimaidziwa. Uwo ndi mpini wa khasu, angoupaka polishi."

Filimoni yekha ndiwe unaikira kumbuyo filimuyo, monga unachitira dzulo. Unati, "Mukuyang'ana tomato bwanji? Yang'anani maso a mtsikana akusakidwa m'filimuyo. Mantha amenewo sagulitsa pamsika."

Mwadzidzidzi katani ya pakhomo inakwezedwa, munalowa anthu atatu ovala masuti, atanyamula sikelo ya kubutchala, ija ya mbedza ndi mbale. Wamkulu wawo, bambo wa khosi lonenepa, anati achokera ku Ofesi Yoyeza Mantha, ndipo amva kuti m'nyumba muno mukuonetsedwa filimu yoopsa yosaopsa. Anakoleka sikeloyo kudenga, n'kulamula kuti aliyense atulutse mantha ake awaike pambale. Anthu anapisa m'matumba, ena m'masokosi. A Kambalame anatulutsa batani ndi kaulusi. Inu a Nagama munakutumula chitenje, panagwa mchere wokha. Filimoni yekha unatulutsa kanthu kooneka, kakang'ono ngati mwana wa mbewa, kakunjenjemera. Unakaika pambale, muvi wa sikelo sunasunthe n'komwe.

"Ochepa," anatero wamkulu uja. "Mantha awa sangakwane ndi ndiwo za mwana."

Akulankhula choncho tayi yake yofiira inayamba kutupa n'kumera pakhosi, jekete inafufuma kumbuyo, mwadzidzidzi pamaso pathu panaima nkhukundembo yathunthu, magalasi okha ndi amene sinavule. Wachiwiri anali mayi woonda amene ankavomereza aliyense. A Nagama akalankhula, iye "zoona". Filimoni akatsutsa, iye "zoonanso". Suti yake inkasintha mtundu nthawi iliyonse akavomera, mpaka maso anatuluka, lina kuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, anasanduka bilimankhwe n'kukwera pamwamba pa tivi. Wachitatuyo anabwerera kukhomo. Ndinangomupeza akudya katani yanga, nyanga zitamera kale, tonde weniweni ndi fungo lomwe.

Ndiye nkhukundembo inatambasula nthenga zakumbuyo, inazungulira kutsogolo kwa anthu mapiko akukhula pansi.

"Vuto taliona," inatero. "Anthu awa sakuopa chifukwa osakidwawo sakuwadziwa. Mlendo akagwera m'dzenje kutsidya kwa nyanja, pano alire ndani? Mulowe munthu wa konkuno. Mwini nyumba ali kuti?"

Nonse munandiloza, ndi mabenchi omwe. Tonde uja anabwerera m'mbuyo, anaweramitsa mutu, anandigunda kumatako, ndinauluka, galasi la tivi linandimeza ngati phala lozizira.

Ndiye ndinangopezeka ndakhala patebulo lalitali m'nyumba ya bwana uja, ndamangidwa kansalu pakhosi. Pambale panali nkhuku yootcha yonyezimira. Ndikuti ndiibaye ndi foloko, inandiuza kuti ndisavutike, iyo ndi ya pulasitiki, yadyedwa ndi alendo onse a m'filimu muno ndipo palibe anaimaliza. Nditakweza maso ndinaona mitu ili ndandanda pakhoma, monga amakolekera mitu ya njati. Koma inali ya anthu, ndipo inali kucheza.

"Ine ndinangoti filimuyi ndi yaitali," unatero mutu wina wadazi.

"Ine ndinati nyimbo yake ndi yogonetsa," unatero wina wa duku. "Ndipo ndikubwerezabe, ndi yogonetsa."

Wadazi uja unanditsinzinira diso. "Achimwene, chitseko icho chilibe khoma kumbuyo kwake. Mukamva nsapato, musatsanzike."

Ndinamva nsapato. Ndinatsegula chitsekocho, chinagwa chonse ndi felemu yomwe, mwadzidzidzi ndili m'nkhalango.

Anzanga, umphawi umene uli m'filimu imeneyo simungaumvetse muli panja. Mitengo yake ndi yowerengeka. Ukaidutsa imazemba kuseri kwa kamera, kuthamanga kukaimanso kutsogolo kwako ili wefuwefu. Mwala umene ndinautsamira unaphwafuka, unali wa katoni, n'kundipepesa. "Pepani bambo, ine ntchito yanga yeniyeni ndi yonyamula sopo." Nkhungu ija tinkaiona ija ndi mkulu wina wakhala kuseri kwa chitsamba, akuwotcha masamba a nthochi n'kumakupiza ndi chivindikiro cha poto. Kumwamba kulibe thambo, kuli chinsalu chabuluu cha chigamba pakati. Nditacheuka ndinaona galasi lalikulu ngati khoma la tchalitchi, kuseri kwake kuli nkhope zanu zikuluzikulu, mphuno ya Filimoni ngati uvuni wa njerwa.

Kenako tchire linagwedezeka, balamanthu bwana uja, kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, chipewa cholimba, mfuti paphewa. Ukamuona pafupi ndi wamtali zedi, ndipo amanunkha m'sutikesi. Analankhula chizungu chake, ndevu zapamlomo zitapendekera mbali imodzi chifukwa guluu anatha mphamvu. Ine ndinagwada.

Ndinati, "Bwana, ine si wa m'filimu muno. Ndine womasulira chabe, ndili ndi mkazi ndi ana."

Ndiye ndinamva mawu m'masipika kunja kwa galasi. Inali maiki yanga, yaimirira yokha patebulo, ikumasulira ndi mawu anga enieni.

"Yotamu akuti, iwe mdala wa miyendo ya kakowa, mfuti yakoyo ndikakulanda ndikalimira mbatata."

M'shomo anthu anawomba m'manja.

"Sindinanene zimenezo," ndinatero, manja ali m'mwamba.

"Akuti ukaitanenso amalume ako, iwe wekha wachepa," inatero maiki.

Nkhope ya bwanayo inafiira, anatsitsa mfuti paphewa, ine ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Choipa chinali chakuti chilichonse chimene munkanena kunjako chinkachitika mkatimo. Inu a Nagama munati, "Taonani kathamangidwe, ngati wanyamula zigubu." Mwadzidzidzi ndili ndi zigubu ziwiri zodzaza madzi, manja akanirira pazogwirira, china chikundilangiza kuti ndisachigwedeze kwambiri chili ndi chizungulire. A Kambalame anati mlenje wopanda galu si mlenje. Ndiye opanga filimu, poti galu analibe, anabwereka tonde wa ku ofesi uja, anamumanga chingwe n'kumuuza kuti auwe. Anayesetsa ndithu mkulu ameneyo. "Meee," amvekere, "pepani, hu hu." Koma kulondola fungo amatha, ndipo nyanga zake sizinali za katoni. Wina kumbuyo anadandaula kuti nyimbo yachedwa, ndiye panatulukira bambo wa gitala wa zingwe zoduka, akuthamanga pambali panga n'kumaimba mofulumira, akundifunsa ngati ndingachepetse liwiro poti iye ali ndi mphumu.

Iwe Filimoni, poganiza kuti ukuthandiza, unati filimu yabwino siyenera kusowa mtsinje wa ng'ona. Mtsinje unabwera, wa pepala la pulasitiki, anthu awiri akuligwedeza uku ndi uku. Ng'ona yake inali chipika chojambulidwa mano ndi choko. Ndinati chipika n'chipika, ndinachiponda pamutu, chinandiluma ndithu. Apa, pachidendene. Usaseke, ubwenzi wako ndauona.

Ndili pakati pothamanga ndinayang'ananso pagalasi, ndiye ndinawaona. Benchi lomalizira, pakona paja pamadontha mvula, panali patakhala achimwene a Zakeyu. Avala malaya awo amizeremizere, anenepa bwino monga analili asanayambe kudwala, akukukuta chimanga chowotcha. Inu munali nawo pafupi koma palibe amene ankadabwa. Chimwalirireni sindinawalotepo, anthu inu, ngakhale kamodzi. Ndinaima, ndinaiwala zoti ndikusakidwa.

Anakweza chimangacho n'kuloza nacho. "Iwe Yotamu, waimiranji? Khotera kumanzere. Kumanzere kulibe nkhalango, zipangizo zinawathera. Filimu iyi ine ndimaidziwa ngati m'thumba mwanga."

"Achimwene, khalani pompo, ndikubwera."

"Ufulumire. Tepi ikatha ine ndinyamuka. Ndinangopempha kudzaonera filimu imodzi."

Ndinayang'ana pansi, ndinazindikira kuti njira imene ndikupondayo ndi riboni yakuda ya tepi, ikuyenda yokha pansi pa mapazi anga, ndipo chapatali gudumu loitulutsa latsala lopyapyala. Mtima unagunda kuposa mmene unagundira ndi mfuti ija.

Ndiye ndinakhotera kumanzere. Zoonadi, nkhalango inathera panjira ngati nyumba ya munthu amene njerwa zamuthera. Wa gitala anatsalira pamtengo womaliza akutsokomola. Kutsogolo kunali mbee, kopanda kanthu, kupatula khoma la galasi lija. Zigubu zinavomera kutsika, ndinaguguda galasilo ndi zibakera, ndinaliponda, silinachite ngakhale mng'alu. Kumbuyo kwanga anafika tonde lilime lili panja, kenako bwana uja. Anandiloza mfuti pachifuwa.

Mfutiyo inandinong'oneza. "Achimwene, ine ndine mpinidi, a Kambalame sananame. Ananditenga kudimba osandifunsa. Koma ndikuchenjezeni, anthu awo akangokhulupirira kuti ndine mfuti, ndiphulika. Si kufuna kwanga."

Kunja kwa galasi nkhukundembo inadumphira patebulo, inakonza magalasi ndi phiko. "Tsopano oonera anene," inatero. "Afe kapena apulumuke?" Bilimankhwe pamwamba pa tivi anada mbali imodzi n'kuyera mbali inayo, kudikira aone kolemera.

Inu a Nagama munatsegula pakamwa, ine ndinati basi ndapulumuka, mayi awa timamwera chitsime chimodzi. Munati, "Kunena zoona, akafa filimuyi ikoma. Magazi akhala enieni."

Musakane mayi, ndinakumvani ndi makutu angawa. Koma kenako munandiyang'anitsitsa, sipuni inagwa m'manja, mawu anasintha.

"Koma anthuni, ameneyu ndi Yotamu. Tsiku lija chitenje changa chinagwira moto pachiwaya, anazimitsa ndi manja ake ndi ameneyu. Bwanawe, tsitsa chinthucho."

A Kambalame anaimirira. Anasuzumira pafupi ndi galasi, anapukuta m'maso. "Ana inu," anatero motsitsa mawu, "ndaona bwino tsopano. Ija ndi mfuti."

Atangotero mpini uja unayamba kuzizira pachifuwa panga, unasanduka chitsulo ndikuona, kunsonga kwake kunatseguka bowo lakuda. Benchi lakutsogolo linalengeza kuti anthu onse apepuka, likumva ngati lanyamula thonje. Mantha anayamba kutuluka okha m'matumba mwanu ngati mbewa zothawa moto wolusa, kukwera makoma, kudumphira pambale ya sikelo, ena kulendewera kumbedza, muvi unazungulira mpaka unathyoka. Nkhukundembo inavina patebulopo. "Filimu yakhoza," inatero. "Yakhoza bwino kwambiri."

Filimu yakhoza, ine ndikufa.

Apa Filimoni unachita chinthu chimene ndakukhululukira nacho za ng'ona zija. Unalumpha mabenchi, unatsomphola maiki ija ili pakati pouza anthu kuti ine ndikupempha bwanayo awombe msanga, unaiponya pagalasi ndi mphamvu zako zonse. Inalowa ngati mwala m'dziwe, chingwe chikuitsatira. Ndinaiwakha. Inayesa kundiluma, ndinaifinya pakhosi mpaka inakhala chete. Ndiye bwana uja anatsegula pakamwa kuti alankhule mawu aja amalankhula asanawombere munthu, ine ndinachita ntchito yanga.

"Bwana akuti watopa," ndinatero.

Bwanayo anadzidzimuka, anandiyang'ana ndi diso loipa, koma mapewa ake anagwa. Watopadi.

"Akuti nsapatozi zakhala zikumuthina chiyambire filimu. Akuti kusaka anthu iye sanakukonde n'kale lomwe. Vuto ndi lakuti akaitana alendo amangodya n'kutsanzika, palibe wotsala kuti acheze naye. Ndiye anaona kuti akamawathamangitsa, bola amakhala nawo limodzi m'tchiremo."

Bwana uja analankhulanso, mokalipa, mitsempha ili gwa pakhosi. Ine sindinamupatse mpata.

"Akuti mayi ake anamwalira iye ali kusukulu yogonera konko, ndipo palibe anamuuza mpaka pa holide."

Zimenezi sindikudziwa ndinazitenga kuti, koma zinamulasa. Anakhala pamwala wa katoni uja, mwala unaphwafuka n'kupepesanso, iye ali pansi misozi ili chuchuchu. Ndevu zinamatuka, zinagwera pamwendo pake, zinati "Ine ndiye ndaweruka," n'kukwawira kutchire ngati bongololo. Mfuti inafunda, inabwerera kukhala mpini, inausa moyo. Tonde anamasula yekha chingwe n'kuyamba kudya nkhalango.

Ndiye m'shomo munabuka chimkangano chimene sindinachionepo chiyambire ntchito imeneyi. Ena akuti ndawononga filimu, iwo anabwera kudzaona munthu akufa. Ena akuti ayi, apa mpamene yayamba kukoma, ibwezedwe aionenso. A Kambalame akupukuta misozi ndi chipewa, akuti filimu iyi ndi ya akuluakulu, ana sangaimve, iwo akudziwa kukhala wekha pageti popanda wokufunsa kuti mwaswera bwanji. Inu a Nagama mukuti zonsezo mwamva, komabe tomato uja anali tomato. Filimoni waimirira pabenchi, akuti chibadwire sanaonepo filimu ngati iyi, benchi likumuuza kuti atsike lili ndi nyamakazi. Bilimankhwe anayesa kugwirizana ndi onse nthawi imodzi, anachita mawangamawanga ngati chitenje, maso anazungulira, anakomoka n'kugwera kuseri kwa tivi. Nkhukundembo inayesa kuletsa phokoso, palibe anaimva. Kenako inaona kuti a Nagama ayamba kuiyang'ana ndi diso la chiwaya, inatsika patebulo mwaulemu n'kutuluka chammbali. Phokoso linakulirakulira, malata akunjenjemera, mwadzidzidzi galasi lija linang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, linayoyoka ngati shuga.

Ndinatuluka. Ndinayenda pamwamba pa mabenchi, pamapewa pa anthu, wina ndinamuponda pamutu osasiya kukangana. Achimwene ndinawapeza akadali pompo. Anasendera kundipatsa malo, ananyema chimanga chija n'kundipatsa theka. Chinali chotentha, anzanga, ndinachimva m'manja muno.

Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze, za mayi kumudzi, za denga likudonthali, za mmene zinthu zasinthira. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Achimwene, anthu aiseka filimu yanu."

"Nanga asaiseke?" anatero akutafuna. "Ndi yoipa filimu imeneyi. Ine ndinaipeza kwa munthu amene ankafuna kusolola riboni yake akamange m'munda kuopseza mbalame."

"Nanga munkaikonderanji?"

"Ukaonetsa yabwino, anthu amaonera, amadzuka, amapita. Iyi ikatha sapita. Tawaona."

Ndinayang'ana. Palibe amene ankayang'ana kukhomo. A Kambalame anali atagwira dzanja la munthu amene samupatsa moni chaka chonse, akumufotokozera za mfuti.

"Ine pakhomo paja sindinkaonera tivi," anatero achimwene. "Ndinkaonera awawa. Koma iwe uli ndi vuto limodzi. Pamene mtsikana uja amagwera m'dzenje umalankhula kwambiri. Pamenepo uzikhala chete, umusiye akuwe yekha."

"Ndamva," ndinatero. Ndipo masana ano mudzaona nokha, tikafika pamenepo ine ndikhala duu.

Kutsogolo deki inachita phokoso lija imachita ikafika kumapeto. Tepi inatsokomola, inati, "Ine ndathera pompa." Achimwene anaimirira, anasasa zinyenyeswa pathalauza. Ndinagwira malaya awo kumunsi ngati mwana.

"Khalani pang'ono, ndiibweza."

"Siibwezedwa kawiri, ingaduke." Anandiyang'ana, nkhope inafewa. "Mwana wanga Jelita ukumusunga bwino?"

Ndinawauza kuti Jelita wakula, watalika kuposa mayi a kunyumba, kusukulu akukhoza. Ndinawauza kuti anatenga mphuno yawo, ndi makani omwe, moti mlungu wathawu anatsutsana ndi abusa pa nkhani ya nyimbo ya kwaya mpaka abusawo anavomera kuti alakwitsa ndi iwo.

Ndiye achimwene anaseka. Inu amene munawadziwa mukukumbukira kuseka kwawo, kuja kolowera mkati, maso atatsinzina, mpweya ukuwathera, kwii, kwii, kwii. Anatsamira paphewa panga, ndinamva kulemera kwa dzanja lawo, nanenso ndinayamba kuseka misozi ikutsika. Kusekako kunkapitirira, kwii, kwii, koma kukunka kutali, paphewa pakupepuka, mabenchi akuzimirira limodzilimodzi.

Mwadzidzidzi ndinatsegula maso. Kunja kwayera, dzanja langa lafumbata ngodya ya bulangete, mayi a kunyumba adzuka kale. Kuseri kwa zenera kunkadutsa wogulitsa makala ndi wilibala yake yopanda girisi, kwii, kwii, kwii. Ndinagona chomwecho osagwedezeka, kuimvetsera mpaka inakhota pakona.